Ramu Yomwe Sindinaiyese

Zikomo wapampando pondipatsa mpata. Ndiimirira kuti akumbuyoko amve. Dzina langa ndine Levisoni Chikuse, ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa Mtakataka. Ambiri mumandidziwa ndi dzina loti Injiniya, koma dzina limenelo ndinadzipatsa ndekha. Lero ndakwanitsa miyezi khumi ndi inayi osalawa mowa. Musaombe m'manja, chifukwa sindinabwere kudzadzitama. Ndabwera kudzakuuzani momwe ndinachotsetsera ntchito mayi wamasiye wosalakwa pofuna kubisa ulesi wanga. Muno muli owotcherera zitsulo, akalipentala, okonza njinga zamoto, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munaonongapo ntchito ya munthu muli chiledzerere, mlandu n'kuukankhira kwina. Mundimvere.

Za makompyuta ndinaphunzira ku Lilongwe chaka chimodzi. Nditabwerako ndinakwatira, n'kukhala chikamwini kwa akazi anga, mayi a Mphatso. Mchimwene wawo wamkulu, alamu anga a Kambalame, ali ndi situdiyo yojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Iwo amagwira kamera, koma wolumikiza vidiyo pakompyuta anali a Nangozo, mayi wa ana awiri. Ntchitoyo anaiphunzira kwa malemu amuna awo, ndipo ankaigwira mwaukhondo moti akwati ankachokera ku Mua ngakhale ku Bwanje kufuna dzanja lawo.

Mowa ndinayamba ngati wina aliyense, Loweruka lokha. Kenako Lachisanu linalowapo. Posakhalitsa ndinkatsegula shopu ndi kamdoli ka mowa m'thumba, n'kumadziuza kuti ndikamwa kamodzi manja amasiya kunjenjemera ndipo ndimagwira bwino timisomali ta foni.

Alamu atafuna kompyuta yapatebulo yamphamvu, anandituma ku Lilongwe kukagula zipangizo kuti ndidzawamangire. Apa ndifotokoze pang'ono za ramu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ramu ndi timatabwa tating'ono, tosalika ngati chipeso, tomwe kompyuta imaikapo chilichonse chomwe ikugwira pa nthawiyo. Fayilo iliyonse, poikopera kapena poilumikiza, imadutsa pamenepo. Pakatabwa kalikonse amalembapo nambala ya liwiro lake, ndipo tomwe ndinagula panalembedwa 3200. Mukangotilowetsa, kompyuta imatiyendetsa pa liwiro lotsika, lomwe silivuta. Kuti tifike pa nambala yolembedwayo, umalowa mu bayosi, pomwe pamakhala malamulo oyambira a makinawo, n'kukweza. Koma si kompyuta iliyonse yomwe imakwanitsa liwiro lolembedwalo. N'chifukwa chake ukakweza uyenera kuyesa. Pali pulogalamu yokhala pafulashi yomwe imalemba manambala m'ramu n'kuwawerenganso, mobwerezabwereza, kwa maola angapo. Ikapeza kuti chomwe yawerenga chasiyana ndi chomwe inalemba, imaonetsa mzere wofiira.

Zonsezi ndinkazidziwa. Koma m'shopu yoyamba ndinapezamo katabwa kamodzi kokha, kachiwiri ndinakagula kwina, ka wopanga wina. Ndinati nambala ndi imodzimodzi, palibe kanthu. Pomanga, ndinatilowetsa m'mipata iwiri yoyandikana, kabuku ka bodi, thabwa lalikulu lomwe timatabwato timalowamo, osakatsegula n'komwe. Ndinakweza liwiro, kompyuta inayaka, alamu anasekerera ataona nambala ija pasikirini. Fulashi yoyesera inali m'thumba la malaya anga. Koma anzanga anali ataimba kale kawiri kuchokera kubala, ndipo kuyesako kukanatenga masana onse. Ndinatseka chivundikiro, n'kuwauza alamu kuti makina otere kulibe kuyambira Salima mpaka Balaka.

Umo munali mu Juni, kukuzizira, ndipo kompyuta inkangozima mwa apo ndi apo. Pofika Okutobala, inu mukudziwa momwe kumatenthera kuno, ndipo situdiyo ija ndi ya malata opanda siling'i. Kompyuta inayamba kuuma pakati pa ntchito, sikirini kusanduka yabuluu, n'kudziyatsanso yokha. Alamu akandiitana ndinkati ndi magetsi osakhazikika. Tsiku lina a Nangozo anandionetsa kope la sukulu lomwe ankalembamo tsiku, ola, ndi ntchito yomwe ankagwira pomwe makina azima.

"Achimwene, taonani," anatero. "M'mawa siivuta. Imazima dzuwa likafika paliwombo, makamaka ndikamalumikiza vidiyo yaitali."

Kopelo sindinaligwire. Ndinaseka, n'kuwauza kuti makina sadziwa za dzuwa, ndipo kuti za mkati mwa kompyuta azisiyira ife amene tinapita kusukulu yake.

Mwezi womwewo alamu anajambula ukwati wa mwana wa bambo Masina, mlimi wa mpunga wa ku Bwanje. Bamboyo anali akudwala kale, koma pa tsikulo anaimirira ndi ndodo n'kulangiza mwana wawo kwa nthawi yaitali, anthu mpaka kugwetsa misozi. A Nangozo anakopera mafayilo kuchoka pakhadi la kamera kupita m'kompyuta, monga mwa masiku onse, ndipo khadilo analifufuta kuti alamu akajambulire chinkhoswe china. Patatha masabata atatu bambo Masina anamwalira. Maliro atatha, akubanja anabwera kudzafunsa vidiyo, chifukwa ndi mokhamo momwe munali mawu a bambo awo. Potsegula mafayilo, zithunzi zinali zoduka mabokosimabokosi, mizere yobiriwira ili piringupiringu, mawu akungolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Fayilo ya malangizo a malemu inakaniratu kutseguka.

Anandiitana. Ndinafika ndikutafuna chingamu kuti fungo lisamveke. M'chipindamo munali alamu, mayi Masina atavala zakuda, mwana wawo mkwatibwi uja, ndi a Nangozo ataima pafupi ndi khomo. Onse ankandiyang'ana ine. Ndinadina apa ndi apo kwa kanthawi. Kenako maso anga anagwera pa kafulashi komwe kanali patebulo, ka a Nangozo, kosungira nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwawo. Ndinakanyamula m'mwamba n'kunena kuti vairasi yalowa ndi kameneka, ndipo yadya mafayilo onse. Ndinathira Chingelezi chambiri kuti pasapezeke wonditsutsa.

A Nangozo anayankha motsitsa mawu: "Fulashi imeneyo sinalowepo m'kompyutamo, achimwene."

Ine ndinati aliyense wogwidwa amatero.

Alamu anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, pamaso pa anamfedwa. A Nangozo anatenga chikwama chawo, anagwada pang'ono kutsanzika mayi Masina, n'kutuluka.

Mwina mukufunsa ngati ndinkadziwa kuti ndikunama. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu. Sindinkadziwa motsimikiza chomwe chinavuta, koma ndinkadziwa kuti si vairasi, ndipo ndinkakumbukira bwino lomwe kuti ramu ija sindinaiyese. Ndinkaopa kuiyesa chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Kompyuta sinasiye kuzima, ngakhale fulashi ija inapita ndi mwini wake. Ndinafufuta zonse n'kuikamo mapulogalamu atsopano kawiri, koma osasintha kanthu. Alamu akaimba ndinkazimitsa foni. Kamdoli kamodzi ka m'mawa kanakhala titatu. Ndinaotcha sikirini ya foni ya mphunzitsi wina ndi chowotcherera, ndinasokoneza mafoni a anthu awiri, makasitomala anayamba kudutsa shopu yanga ngati sakuiona. Tsiku lina masana anandipeza nditagona m'ngalande m'mbali mwa msewu waukulu, mayi a Mphatso n'kubwereka wilibala kudzanditenga, msika wonse ukuonerera. Ankhoswe anakhala pansi, ndipo anagamula kuti ndichoke kaye pakhomo mpaka nditasintha. Kwathu ndinachita manyazi kupita. Ndinayala mphasa m'shopu.

Mu Febuluwale ndinadwala malungo. Masiku atatu chilichonse chomwe ndameza chinkabwerera, ngakhale mowa womwe. Choncho mutu wanga unayera popanda ine kufuna. Lachinayi m'mawa ndinamva njinga ya kabaza ikuima pakhomo. Anali alamu, atanyamula kompyuta ija m'katoni. Sanakhale pansi. Anati Lolemba akupita nayo ku Lilongwe kwa katswiri wina, koma ati ayambe andisiyira kaye chifukwa ndine bambo wa ana a mlongo wawo, ndipo safuna kuti mlendo ndiye awauze zomwe mlamu wawo analephera.

Atachoka ndinatsegula katoni. Pansi pa mawaya panali kope lija. A Nangozo analiiwala m'dirowa, ndipo alamu anangolikokolola pamodzi ndi zina zonse.

Ndinakhala pampando n'kuyamba kuwerenga. Zilembo zake zinali zoongoka ngati za mphunzitsi. Tsiku, ola, ntchito. Tsiku, ola, ntchito. Masamba anayi. Pafupifupi mizere yonse inali ya pakati pa 12 koloko ndi 3 koloko masana. Patsamba lomaliza anakopera mawu omwe ankaoneka pasikirini yabuluu ija, chilembo ndi chilembo, ndipo liwu la Chingelezi lonena za ramu linalipo kasanu ndi kawiri. Iwo sankadziwa kuti likuloza chiyani. Anangolilemba mokhulupirika, kuti wodziwa adzawathandize. Wodziwayo ndinali ine, ndipo ndinakana ngakhale kuligwira.

Ndinafunafuna fulashi yoyesera n'kuipeza m'chitini cha misomali. Ndinailowetsa, n'kuyatsa. Manambala anayamba kuyenda pasikirini. Ndinkapemphera kuti pasaoneke kanthu, abale, ndinkapempha Mulungu kuti bodza langa likhale loona. Mphindi khumi zinadutsa bwinobwino. Mphindi khumi ndi zisanu. Isanakwane mphindi ya makumi awiri, mzere wofiira unatulukira pansi. Kenako wina. Kenako inayamba kutsika yambirimbiri moti sindinathe kuiwerenga. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa shopu. Mphindi makumi awiri. Ndizo zomwe ndinakaniza alamu tsiku lomanga lija pothamangira botolo.

Nditabwerera mkati ndinagwira ntchito momwe ndinaphunzitsidwira, koyamba pa zaka ziwiri. Ndinalowa mu bayosi n'kubwezera liwiro pa lotsika lija, 2133, ndi kuyesanso. Maola anayi anatha popanda mzere wofiira ngakhale umodzi. Apo ndinadziwa kuti ramu sinafe, koma liwiro ndilo linali kuiposa. Lachisanu ndinazula katabwa kamodzi n'kuyesa kotsalako pakokha pa 3200. Kanadutsa. Ndinasinthanitsa, kenanso kanadutsa. Ndikatiphatikiza pa liwiro lomwelo, mizere yofiira inkabwerera. Ndinatsegula kabuku ka bodi, komwe kanali kadakali m'pepala lake, ndipo patsamba lachisanu panali chithunzi choonetsa kuti timatabwa tiwiri timalowa mumpata wachiwiri ndi wachinayi, osati moyandikana. Ndinatisuntha, ndinapemerera fumbi lomwe linatseka mafani, n'kuyesanso. Zolakwika zinachepa koma sizinathe, chifukwa timatabwato sitinali ta mtundu umodzi. Ndinatsitsa sitepe imodzi, pa 2933. Loweruka ndinatseka zitseko ndi mawindo dala kuti m'shopu mutenthe ngati m'situdiyo, n'kuisiya ikuyesa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sinalakwitse ngakhale kamodzi.

Tsopano apa ndi pomwe ndimachita napo manyazi kuposa ngalande ija. Ndinaimbira alamu kuti ndaikonza. Anandifunsa kuti chinali chiyani. Ndinali ndi choonadi chonse m'manja, mutu uli woyera, wopanda dontho la mowa loti ndinamizire. Ndinawayankha kuti inali vairasi yomwe ija, inabisala pakatikati, koma ndaizula. Alamu anathokoza, n'kunena kuti alankhula ndi ankhoswe za kubwerera kwanga. Ndinaona kuti ndapulumuka, ndipo palibe akanadziwa.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Golomoti, kwa mnzanga wina wotcheza kachasu, kukasangalala. Minibasi itaima pasiteji, amayi ogulitsa malonda anathamangira m'mawindo monga amachitira. Pawindo langa panafika beseni la chimanga chophika, ndipo pansi pa besenilo panali nkhope ya a Nangozo. Anali atada ndi dzuwa, ataonda. Ndinafuna kutembenuka koma anali atandiona kale. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za mayi a Mphatso ndi ana. Kenako anati:

"Nanga makina aja anachira? Ndimawaganizirabe. Kope langa ndinalisiya m'dirowa, mwina lingakuthandizeni."

Munalibe mnyozo m'mawu awo. Akanandilalatira bwenzi nditapeza pogwira. Ndinatsika, n'kuwapempha kuti tipatuke pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa magolosale. Anatula beseni. Ndinawauza zonse: timatabwa tosiyana, mipata yolakwika, kuyesa komwe ndinakuthawa, mizere yofiira, ndi bodza lachiwiri lomwe ndinanena dzana lake. Ndinagwada pafumbi, anthu akudutsa.

A Nangozo anandimvera mpaka kumapeto. Kenako anandiuza kuti kutchalitchi anthu anasiya kuwapatsa chilichonse choti asunge, ndi kuti mwana wawo wamkulu anabwera kuchokera kusukulu akulira, kufunsa ngati n'zoona kuti amayi ake anafufuta mawu a munthu wakufa.

"Dzukani, achimwene," anatero. "Kupepesa kwa kuseri kwa golosale sindikufuna. Bodza munalinena pamaso pa anthu atatu. Mukanene zoona pamaso pa anthu omwewo."

Anasenza beseni lawo n'kuthamangira minibasi ina yomwe inkaima. Kwa mnzanga uja sindinafike. Ndinakwera yobwerera.

Zinanditengera masiku anayi kuti ndilimbe mtima. Ndinapempha alamu kuti aitane mayi Masina, mwana wawo ndi a Nangozo kusitudiyo, komwe kompyuta ija inali itabwerera kale. Onse atakhala, ndinakweza liwiro kubwerera pa 3200 iwo akuona, ndinalowetsa fulashi, n'kuwapempha kuti adikire. Patapita mphindi zingapo mizere yofiira inatuluka. Ndinawafotokozera m'Chichewa chokhachokha kuti ichi ndicho chinaononga mafayilo pomwe ankakoperedwa, kuti wochititsa ndine, kuti a Nangozo anandichenjeza ine n'kuwaseka, ndi kuti za vairasi ndinapeka kawiri konse.

Mayi Masina anafunsa funso limodzi: "Ndiye poti mwapeza vuto, mawu a bambo abwerera?"

Ndinati ayi, mayi, sabwereranso. Anaimirira, anakonza chitenje chawo, n'kutuluka ndi mwana wawo.

Alamu sanandilankhule miyezi iwiri. Za kubwerera kunyumba zinaima. Iwo anapita okha kwa a Nangozo kukapepesa, ndipo Lamulungu lotsatira ine ndinapempha mpata kutchalitchi kwa a Nangozo, n'kubwereza zomwezo pamaso pa mpingo. A Nangozo anabwerera pantchito patatha mwezi, koma anaika lamulo loti ine ndisatsegule kompyuta ija iwo palibe. Lamulolo lilipo mpaka lero, ndipo ndimalitsata.

Mowa sindinausiye ndi mphamvu zanga. Sabata yomwe ndinaulula ija ndinamwanso kawiri. Bambo wapampando awa ndiwo anandipeza n'kundibweretsa m'gulu lino, ndipo kwa miyezi itatu ankadutsira pashopu panga masana aliwonse kudzangokhala nane pa ola lomwe ludzu limandigwira. Ndinasintha njira yopitira kuntchito, ndimazungulira kumsika m'malo modutsa pabala. Nambala za anzanga aja ndinazifufuta. Ndinayamba kudya m'mawa, chinthu chomwe ndinali nditaiwala. Manja ananjenjemera masabata atatu, kenako anasiya okha. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ankhoswe anandilola kubwerera, ndipo mayi a Mphatso anandilandira, ngakhale makiyi a shopu amasunga ndi iwo kumapeto kwa sabata.

Kwa anzanga okonza makompyuta amene muli muno, kompyuta ikamazima popanda chifukwa chooneka, musathamangire kunena vairasi kapena magetsi. Yambani mwamufunsa woigwiritsa ntchito, ndipo mumvetsere, chifukwa iye ndiye amakhala nayo tsiku lonse. Bwezerani ramu pa liwiro lake lotsika muone ngati vuto litha. Yesani katabwa kamodzikamodzi, werengani kabuku ka bodi, ndipo pogula, gulani timatabwa tobwera m'paketi imodzi. Ikakana nambala yolembedwayo, tsitsani pang'ono. Kusiyana kwake mwini makina sakuona n'komwe, koma fayilo yoonongeka amaiona. Muziyesa masana kukutentha, osati m'mawa mokha. Ine tsopano sinditulutsa kompyuta m'shopu isanayesedwe tsiku lathunthu, ndipo kasitomala wothamanga ndimamulola apite kwina. Kusitudiyo nakonso khadi salifufuta mpaka vidiyo itaonedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kwa ena nonse, sindikudziwa ntchito yomwe munaiononga kapena munthu amene anasenza mlandu wanu. Inu mukumudziwa. Mwina ndi mkazi wanu, mwina ndi mnzanu wa pantchito. Kusiya mowa kokha sikumuchotsera mlanduwo. Mpiteni, ndipo musayembekezere kuti akukhululukirani.

Mayi Masina amabwera pamsika wa Golomoti kudzagulitsa mpunga. Tsiku la msika lililonse ndikapita, ndimaima patsogolo pa malo awo, ndimavula chipewa, n'kuwapatsa moni. Sanandiyankhepo. Sabata yathayi anakweza maso n'kundiyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kupima mpunga wawo. Ali ndi ufulu wotero. Tsiku la msika likubwerali ndikawapatsanso moni.

Ndathokoza pondimvera.